Dzino la Akazi Anga, ndi Pepala Limene Sanatipatse

Ndinadandaula koyamba Lachinayi loyamba la mwezi wakhumi, chaka chatha, pakamwa, nditaimirira pa zenera la sekeretariya ya chipatala china cha mano mumzinda wa Tete. Kachiwiri ndinalemba m'buku lawo la madandaulo, tsiku lomwelo masana, ataona kuti sindikuchoka. Kachitatu inali kalata, imene ndinakapereka pamanja patapita masabata atatu. Kachinayi inalinso kalata, mvula itayamba kale. Makope a makalatawo ali mu mala, sutikesi yachitsulo, pansi pa kama wanga. Yankho sindinalandire ngakhale limodzi.

Nkhani yake ndi ya dzino limodzi la akazi anga, lakumbuyo, lam'munsi, mbali ya kumanzere. Wina anganene kuti dzino limodzi si nkhani yolembera makalata. Koma linali lomaliza mwa mano awo otafunira limene linkakumanabe ndi linzake lam'mwamba. Ena onse anapita limodzilimodzi pa zaka zimene takhala m'banja.

Anthu kuno ku Tsangano amanditcha a sekeretariyo, ngakhale sindinagwirepo ntchito ya boma. Ndine mlimi wa kachewere ndi chimanga ngati wina aliyense. Kusunga mapepala ndinaphunzira kothawa nkhondo ku Malawi, kumene kakhadi kamodzi kanali ufa, nyemba ndi mafuta. Ndinaona bambo wina wamkulu kuposa ine akulira pamzere chifukwa khadi lake linanyowa m'thumba, manambala n'kufufutika. Kuyambira tsiku limenelo sinditaya pepala. Tikubwerera kwathu nkhondo itatha, akazi anga anasenza miphika, ine ndinasenza mala.

Iwo kwawo ndi ku Chidzolomondo, ndipo kumeneko, monganso kuno, dzino likawawa njira zilipo ziwiri: kufukiza kapena kuzula. Kufukiza kumachitika chonchi. Amatenthetsa phale, n'kuikapo njere za nthula ndi timafuta pang'ono, wodwala n'kuyasamula pa utsiwo, pansi pali beseni la madzi. Pakapita kanthawi m'madzimo mumaoneka tinthu toyera topindika, ndipo onse amafuula kuti mphutsi zatuluka. Amati mphutsizo ndizo zimaboola dzino monga kapuchi amaboolera phesi la chimanga. Ine tsiku lina ndinatenthetsa phale ndekha, n'kuikapo njere, popanda munthu woyasamula. Tinthu toyera tija tinagwera m'madzi chimodzimodzi. Timachokera m'njeremo. Nditawaonetsa akazi anga, anangoti, "Inu mumatsutsa ndi mvula yomwe, ikukunyowetsani."

Mayiwa ankakonda chimanga chokazinga kuposa nyama. Akamasankha mbewu ya kachewere pakhonde ankakhala ndi kambale pambali, ndipo ine ndili kuseri kwa nyumba ndinkadziwa kuti ali bwino pongomva kukukuta kwawo. Kumapeto kwa mvula, chaka chathachi, kukukutako kunaleka. Anayamba kugwira tsaya. Madzi ozizira a m'mawa ankawalumphitsa.

Tinapita ku chipatala cha kwathu kuno. Bambo amene amaona za mano kumeneko ndi munthu wabwino, ndipo sindikumunenera choipa chilichonse. Anayang'ana m'kamwa nthawi yaitali, kenako anati, "Mama, ine chimene ndili nacho pano ndi chozulira. Ndikhoza kuzula lero lomwe. Koma ndikazula ili, mudzatafunira chiyani? Ku Tete kuli ena amene amatsuka mizu ya dzino m'kati, dzino n'kukhala."

"Zulani, mwanangu," anatero akazi anga. "Anzake anapita, nalonso lipite."

Ndine amene ndinakana. Ndilembe zimenezi poyera. Ndinawauza kuti munthu sagwetsa nyumba chifukwa cha chiswe cha pa nsanamira imodzi. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsinzina ndi ululu.

"Dzinoli ndi langa kapena lanu?"

"Ndi lathu," ndinatero.

"Ndiye usiku uno liwawe kwa inu."

Bambo wa chipatala uja anaseka, n'kutilembera pepala lopita nalo. Lilipo mu mala.

Tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, m'mawa, titavala majuzi, n'kutsika mapiri athu ozizira mpaka kukafika ku Tete, kumene mphepo imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Tinagona kwa mwana wa mlongo wanga. M'mawa mwake tinali oyamba pa benchi.

Dotolo anali wachinyamata, waulemu, wosadziwa chinenero chathu. Womuthandiza anali mayi wa msinkhu wapakati, wonenepa, wanthabwala, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa. Atajambula dzinolo, dotolo anaika chithunzi pa kuwala n'kuyamba kundifotokozera m'Chipwitikizi, ine n'kumalemba m'kabuku kanga. Anati m'kati mwa dzino muli kachipinda, ndipo kuchokera m'kachipindamo muli tinjira topapatiza totsika m'mizu. M'menemo mumakhala mtsempha. Mtsempha wa dzino ili unali utaola, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso tinali titadzaza m'tinjiramo. Anati kale ankaboola chibowo chachikulu n'kupala makoma kwambiri kuti ayeretse, koma dzino lopalidwa chotero limatsala ngati chigoba, tsiku lina limang'aluka. Iye anati aboola pang'ono chabe, alowetsa tizitsulo topyapyala totha kupindika motsata muzu, athira mankhwala amadzi opha tizilombo, ndipo makina ena ake agwedeza madziwo m'katimo kuti akafike m'tinthambi tonse popanda kudya khoma.

Ndinamufunsa ngati zili ngati kutsuka botolo la mafuta, kumene sukulitsa kukamwa kwa botolo koma umathiramo madzi a sopo n'kukhutchumula. Anamenya pa meza ndi chala n'kunena kuti ndamva bwino kuposa ophunzira ena. Ndinasangalala nawo mawu amenewo. Ndinawalembanso m'kabuku, ndipo lero ndikawawerenga ndimachita manyazi.

Anandilola kuima pakona n'kumaonera. Anawabaya mankhwala a dzanzi, n'kuphimba pakamwa ponse ndi kampira kobiriwira, dzino lokhalo n'kutulukira pakati ngati chitsa m'munda wolimidwa. Kabowo kamene anaboola kanali kochepa kuposa njere ya mapira. Tizitsulo take tinali ngati ulusi. Panali kamakina kolira pii, pii, kamene anati kamamuuza pamene muzu wathera kuti asapitirire. Kenako m'chipinda monse munamveka fungo la javeli, lija la ochapa zovala zoyera, ndipo makina ogwedeza anayamba kulira mopyapyala ngati udzudzu. Akazi anga anali phee, manja ali pamimba, zala za kuphazi zokha zikusewera.

Apa ndi pamene mtsikana wa ku sekeretariya anasuzumira n'kundiitana kuti ndikatenge resibu, lisiti la malipiro. Ndinapita. Resibuyo inalibe karimbu, chidindo chawo chija. Ndinamuuza kuti pepala lopanda karimbu ndi tsamba la mtengo. Anati amene amasunga karimbu watuluka pang'ono, ndipo zilibe kanthu, onse amalandira choncho. Ndinati ine si onse. Ndinakhala pa benchi n'kudikira. Munthuyo anachedwa, ndipo atabwera anayamba wafunafuna kiyi wa kabati. Ndinalandira resibu yanga yodindidwa bwino, inki yake yofiirira, ndipo ndinaiuzira kuti iume.

Pobwerera m'chipinda muja ndinapeza zonse zatha. Dotolo anali atalowa kale kwina ndi wodwala wina. Akazi anga anali atakhala tsonga, mlomo utapendekeka ndi dzanzi, m'manja muli kansalu koyera. Pakansalupo panali kanthu kofiira, kowonda, kotalika ngati chikhadabo.

"Papa, bwerani muone mdani wanu," anatero mayi wothandiza uja akuseka. "Tamugwira wamoyo!"

"Mwaona, a sekeretariyo?" anatero akazi anga, mawu akutuluka mbali imodzi. "Si inu munkati kulibe mphutsi? Iyi ndi chiyani, nsapato?"

Ndinkadziwa kuti kanali kachidutswa ka mtsempha, chifukwa dotolo anali atandiuza. Koma nkhope yawo inali itamasuka koyamba pa masabata ambiri, ndipo ndinati m'mtima, asiyeni apambane kamodzi. Ndinayang'ana m'kamwa, n'kuona pamwamba pa dzino pamatidwa zoyera. Ndinafunsa mayi uja ngati pali pepala lina. Anati mankhwala alembedwa kuseri kwa pepala lathu lija, basi. Tinanyamuka.

Miyezi iwiri yotsatira inali yabwino. Tinakumba kachewere, tinakolola. Kukukuta kunabwerera pakhonde. Ndinkauza anthu kutchalitchi ndi kumsika za botolo la mafuta, ndipo ena ndinawajambulira mizu ya dzino pansi ndi kamtengo. Akazi anga ankauza anzawo za mphutsi. Aliyense wa ife anali ndi omvera ake.

M'nyengo yozizira zomata zija zinayamba kunyenyeka ngati njereza. Sanandiuze. Ankatseka kabowoko ndi thonje, n'kumatafunira mano akutsogolo ngati mbewa. Ndinazindikira kutentha kutayamba, tikupalira m'dimba, nditaona kuti tsaya lakumanzere latupa ndipo likunyezimira. Nditawakakamiza kuyasamula, ndinaona kachithupsa pa nkhama, m'munsi mwa dzino, kakutuluka mafinya.

Ndinaponya khasu pansi. Ndinati atinamiza, ntchito yawo yawonongeka isanathe ndi chaka chomwe, ndipo ndili ndi resibu. Akazi anga anakhala pa mzere, n'kuyamba kuchotsa dothi ku khasu lawo ndi kamwala.

"Anati tibwerenso," anatero osandiyang'ana.

"Ndani?"

"Mayi uja. Dotolo analankhula zake, iye n'kuti mubwerenso pakatha masabata awiri."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Kuchipatala kulikonse amatero. Mubwerenso, mubwerenso. Ndi moni wawo. Tibwererenji mphutsi itatuluka, ine nditaiona ndi maso anga? Kachewere akanakumba ndani? Ndiponso inu munali kuti?"

Onse awiri tinkadziwa kumene ndinali.

Tinakweranso shapa. Ndilo Lachinayi lija ndatchula poyamba. Dotolo wathu sitinamupeze. Anati anasamukira kutali, ndipo makina ogwedeza aja anali ake, anapita nawo. Mayi wanthabwala nayenso anali atasiya ntchito. Tinapeza dotolo wina, wotopa, amene anayang'ana m'kamwa n'kupukusa mutu. Iyeyu ndiye anandiuza chimene sindinkadziwa. Ntchito ija inali theka chabe. Tsiku loyamba amatsuka n'kusiyamo mankhwala a masiku ochepa, pamwamba n'kumata zongoyembekezera. Tsiku lachiwiri ndi pamene amatsukanso n'kutseka tinjira tonse mpaka kunsonga ya muzu, kuti tizilombo tisapezenso malo. Dzino la akazi anga linakhala miyezi yonseyi ngati nkhokwe yosesedwa bwino koma yosafoleredwa.

Ndinatsegula kabuku kanga pamaso pake. Munali kachipinda, tinjira, tizitsulo, botolo la mafuta. Za tsiku lachiwiri munalibe. Mwina dotolo woyamba ankati adzanene pomaliza. Pomalizapo ine ndinali pa benchi.

Ndinafunsa ngati dzinolo lingatsukidwenso. Anati mwina, mwina ayi. Anafuna kuona fisha ya wodwala, pepala limene mnzake analembapo kutalika kwa mizu ndi zimene anaikamo. Anaifuna m'makabati, sinapezeke. Iye anati ntchito yotere saigwira kawirikawiri, zida zake alibe, ndipo chimene angachite motsimikiza ndi kuzula.

"Zulani," anatero akazi anga. Liwu la Chipwitikizi loti kuzula, limene dotolo ananena, amalidziwa.

Ndinakananso. Ndinati sitingazule dzino limene mwina lingapulumuke, tisanamve kwa mwini chipatala kumene kuli fisha ndi kumene kuli dotolo uja. Anatilembera mapiritsi ochepetsa kutupa. Ndinapita pa zenera, ndinalankhula, ndinalemba m'buku. Anandiuza kuti adzandiyankha. Pa shapa pobwerera akazi anga anatsamira zenera, nsalu ili kutsaya, njira yonse mpaka kwathu.

Mapiritsi anathandiza masabata awiri. Kutupa kunabwerera. Ndinalemba kalata yoyamba, ndinaikonza katatu kuti isakhale ndi mawu achipongwe, n'kupita nayo ndekha. Mtsikana wa pa zenera anandizindikira. Anadinda kope langa ndisanapemphe, n'kundiuza kuti mwini wake ali paulendo. Kunyumba akazi anga anali atayamba kudya phala lokha ndi kachewere wophwanya. Nsalu inayamba kuwazungulira kawiri ndi theka. Mlongo wawo anabwera kuchokera ku Chidzolomondo ndi njere za nthula m'kathumba, ndipo ndinamubweza nazo. Pochoka anaima pa chipata n'kunena mokweza kuti anthu amve, "Alamu, mkazi sachira ndi kalata!"

Tsiku lililonse ndinkati yankho lili m'njira. Ndinkapita kumsika kukafunsa oyendetsa shapa ngati wina wawapatsira envelopu yanga. Anayamba kundiseka ndisanafike. "Palibe, madala! Mwina mawa!"

Kalata yachiwiri ndinapita nayo mvula itagwa kale kangapo. Msewu unali utadukaduka, ndipo ulendo wa tsiku limodzi unanditengera masiku atatu kupita ndi kubwera. Mwini chipatala sindinamuone. Ndinafika kunyumba masana, matope mpaka m'mawondo, ndipo ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde, atatsamira khoma, m'kamwa muli thonje. Tsaya linali litayamba kuphwa. Anali atapempha mwamuna wa mnansi wathu kuti awanyamule pa njinga yamoto kupita kwa bambo uja wa chozulira.

Sanadikire kuti ndikhale pansi. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala n'kundipatsa.

"Sungani, inu osunga."

Nditafunyulula ndinaona dzino. Kenako ndinaona pepalalo. Anali atatsegula mala yanga, imene sanaigwirepo chibwerere ku Malawi, n'kusankhamo resibu ija. Magazi anali atalowerera pa inki yofiirira.

"Ndasankha la karimbu," anatero, "poti ndi limene mumalikonda."

Ndinalitsuka dzinolo ndi madzi amchere, n'kuliyang'ana padzuwa ndi magalasi anga owerengera. Lili ndi mizu iwiri, umodzi wopindika pang'ono kunsonga. Kabowo ka pamwamba ndi kakang'ono monga momwe dotolo analonjezera, kozungulira bwino, ndipo makoma ake ndi ochindikala, opanda mng'alu. Mnyamata uja ntchito yake ankaidziwa. Bambo wa chipatala cha kwathu anandiuza pambuyo pake kuti anatuluka nalo thukuta, chifukwa linali litagwira zolimba. Sindikudziwa ngati zimenezi zikutanthauza kuti likanapulumuka. Iyenso anati sakudziwa.

Bala linapola. Akazi anga ayambanso kunenepa pang'ono, ndipo amagona bwino. Masiku oyamba ankakazinga chimanga n'kuchisinja mu kamtondo ka nsinjiro, n'kumabwira ufa wake. Kenako analeka. Anati ndi chakudya cha nkhuku. Chaka chino asankha mbewu ya kachewere pakhonde pomwe paja, popanda kambale pambali. Ndikakhala kuseri kwa nyumba sindimva kanthu, ndipo ndimayenera kuzungulira kuti ndikaone ngati alipo. Sanandinenepo za miyezi iwiri imene ndinawadikiritsa ndi mafinya m'kamwa. Akanandinena bwenzi zili bwinoko. Amangondipatsa madzi osamba, n'kundiitana kuti a sekeretariyo, monga kale, koma osaseka.

Dzulo anandipeza ndayala mapepala pa mphasa. Anaima, n'kufunsa kuti, "Akakuyankhani limeranso?" Ndinati ayi. Anati, "Chabwino, lembani," n'kupita kukatunga madzi.

Choncho ndikulemba, kachisanu, ndipo kope la zonsezi ndilitumiza kwa inu a mwini chipatala, amene sindinakuoneni nkhope.

Zolakwa zanga ndazilemba pamwambapa osabisa, ndipo za akazi anga nazonso. Sindikupempha kuti mutibwezere kalikonse, ndipo sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Mayi uja anaseka nafe mwa chifundo, sanadziwe kuti kwathu mphutsi ikatuluka nkhani yatha. Koma wodwala anatuluka pakhomo panu ndi dzino losatseka, atachokera ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo pa mapepala onse amene munatipatsa palibe limene linalembedwa tsiku lobwerera, kapena mawu oti ntchito sinathe. Likanakhalapo ndikanaliwerenga pa shapa pomwepo. Ndimawerenga ngakhale mapepala okulungira sopo.

Ndikupempha mwaulemu, ine mwamuna wa wodwalayo, wokhala ku Tsangano, kuti mundiyankhe molemba chifukwa chimene pepala limenelo silinaperekedwe, ndiponso ngati lero mwayamba kulipereka kwa anthu ochokera kumapiri kuno. Ndikupemphanso kuti fisha ya akazi anga ifunidwe, ndipo munthu wodziwa aiwerenge n'kundiuza zoona: kodi pa Lachinayi lija tinabwereranso, dzinoli likanatha kutsukidwa n'kukhala, kapena ndinawazunza miyezi iwiri pachabe? Yankho lililonse mwa awiriwa ndilandira. Mukhoza kupatsira woyendetsa shapa aliyense wa ku Tsangano, onse amandidziwa. Ngati wosunga karimbu watuluka, musamudikire. Tumizani choncho.